Anandimangira Mbaula ku Bembeke

Usiku wathawu ndinalota zoti mpaka pano msana ukundizizirabe, anzanga. Ndinali kwathu ku Bembeke, mwezi wa Juni, dzuwa lili paliwombo koma chisanu chikuluma ngati linthumbu. Bambo anga, a Kapalamula, aja anafa mwendo chaka chatha, anali gone pamphasa akunjenjemera, ndiye ine ndinawakolezera mbaula m'nyumba n'kutseka mazenera ndi zisanza.

Mwadzidzidzi chitseko chinatsokomola. "Nangozo," chinandiitana, "kwabwera mlendo, koma sakuodira."

Analowa bwana wa tayi atanyamula sikelo ya nyama.

"Tabwera kudzayeza utsi," anatero. "Kumwamba kwadzaza, mayi. Mitambo ikudwala chifuwa, mvula yakana kutsika. Kuyambira lero nyumba iliyonse izifuka sipuni imodzi pa sabata."

Anatapa utsi ndi chipewa chake n'kuuthira pasikelo, sikelo n'kukuwa kuti, "Mayo, msana wanga!"

Ndiye mbaula ija inayankhula ndi mawu a mkazi wotopa. "Ine ndalakwanji? Ndimangodya zimene andipatsa."

Ndikamacheuka, bwana uja wasanduka ng'azi, tayi ili m'khosi momwemo. Anaimanga unyolo mbaulayo, iyo n'kutuluka yokha ndi timiyendo take titatu, makala akuyoyoka m'mbuyo.

"Nanga abambowa aotha chiyani?" ndinafunsa.

Ng'aziyo inalavula chitsulo choyera chokhala ndi waya. "Ichi n'cha magetsi, sichifuka. Kalumikizeni."

Ndiye ndinamutsata wayayo. Anatulukira pazenera, anadutsa m'munda wa mbatata, anakwera phiri, ine pambuyo, miyendo ikulemera ngati ndikuyenda m'phala. Kufika pamwamba, ndinapeza nsonga yake angoimangirira kuchitsa. Phiri lonse linali zitsa zokhazokha, zitakhala m'mizere ngati anthu apamaliro, ndiye ndinazindikira kuti ndili pabwalo la milandu ndipo wozengedwayo ndine.

Chitsa cha msuku chinaimirira. "Mayi uyu ndikumudziwa. Anaotha mkono wanga wamanja dzana."

"Ine khosi," chinatero cha muwanga.

Woweruza anali mayi wa magalasi, koma akamatsegula buku mlomo unkatalika, mpaka anakhala khwangwala. Ndinagwada.

"Pepani bwana, nanga aja a nyumba zosanja kumaiko akutali, amene amaotha usana ndi usiku, mwawayeza?"

"Utsi wawo sukwana pasikelo yathu," anayankha khwangwalayo akudzikanda ndi cholembera. "Wanu ndiye ukukwana. Tsono sankhani. Mukakoleza moto, mvula sibwera, adzukulu anu adya fumbi. Mukazima, mkuluyo auma."

Ndinayasama kuti ndiyankhe, koma m'kamwa munangotuluka phulusa.

Mwadzidzidzi ndinapezeka ndili m'nyumba muja. Makoma anali akugwedezeka, akupemphana bulangete. Abambo anali atakhala tsonga, nsidze zitayera mbuu ndi chisanu, akuyang'ana bwalo lakuda limene mbaula inasiya pansi, manja atatambasulira pomwepo ngati pali moto.

"Abambo, dikirani, ndithyole mpandowu ndikoleze."

Mpando unathawira kuseri kwa chitseko.

"Usavutike mwanawe," anatero abambo mofatsa, ngati akundituma mchere. "Asiyire anawo mvula yawo. Ungonditsekako masowa, zikope zauma."

Ndinavula chitenje n'kuwafunditsa, ndinavula juzi, ndinawakumbatira, ndinawauzira mpweya m'khosi. Ndiye ndinagwira manja awo kuti ndiwatikite, chala n'kuthyoka, thyo, ngati chinangwa chouma. Ndinachitola kuti ndichibwezere, china n'kuthyoka. Ndinkafuula, mawu osatuluka, iwo akungoti, "Pang'onopang'ono, Nangozo, pang'onopang'ono."

Kenaka kunamveka ngili ngili ngili. Ndinadzidzimuka. Kunja kutayera, belu la njinga likulira pamsewu, munthu akukuwa kuti, "Makalaaa! Makala ouma!"

Ndinangogona chagada, mapazi ali zii, kumvetsera belulo likupitirira, osadziwa kaya wamakalayo ndimuitane kaya ndimuleke.