Tsiku Limene a Wilkins Anasolola Singano

Khalani chete inu a ku Chigaru, ndipo inu a kabaza a ku Mdeka zimitsani njinga zanu, pakuti ndikunena za nkhondo imene inagwedeza Lirangwe m'chaka chija chimanga chinabereka mopusa, chiperoni chikuwaza usana ndi m'mawa, ndege za ku Chileka zikungodutsa kumwamba osadziwa kuti pansi pano banja lapsa.

Kunali mayi, a Mildred, Mfumukazi ya Singano, Mlukazonse, amene mipando ya m'nyumba zonse za m'mudzimo inavala zoluka za m'manja mwawo. Mayi amenewa kutaya kanthu sankakudziwa. Chipinda chakumapeto chinali dziko lawo: majumbo a wulu mpaka kudenga, zitini za mabisiketi zodzaza mabatani okhaokha, mazipi a masiketi amene eni ake anatsogola kalekale, ndi zigamba za zitenje za zipani zonse, cholamula ndi zotsutsa zomwe, zitagona mwamtendere m'thumba limodzi.

Pansi pa mulu wonsewo panali chinsinsi. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Luso, wokwatiwa ku Chileka, anali ndi pakati. Ulendo woyamba anapita padera mudzi wonse utadziwa kale, ndiye ulendo uno a Mildred analumbira kuti sauza munthu, ngakhale amuna awo, amene nkhani sinkagona m'kamwa mwawo. Ankaluka shawelo yoyera mobisa, mtima uli m'mwamba, ndipo inali itatsala pang'ono kutha.

Amuna awowo ndiwo a Wilkins, Mnyamulazikwama, Mkamwini Wosagonja, amene anapuma ntchito ku bwalo la ndege atalongedza masutikesi a mitundu yonse m'mimba mwa ndege popanda ndi imodzi yomwe kuwakanika. Ngwaziyi inkaona matumba ake a chimanga akunyowa pakhonde, pamene mabatani akugona pouma. Tsiku lina mayi atapita ku Mvano, a Wilkins anaima pakhomo pa chipindacho, napinda malaya m'mikono, nafuula:

"Imva iwe chipinda! Ine ndinalowetsa njinga, wailesi ndi mbaula m'ndege imodzi, malo n'kutsalabe. Lero udziwa kuti ntchito ndinaigwira!"

Analowa ngati moto wolusa. Zolemera anaika pansi, zopepuka pamwamba. Mabatani a malaya kwaokha, a majekete kwaokha. Kenako anakumbuka lamulo lalikulu la ku bwalo la ndege, loti zakuthwa sizikhala pamodzi ndi katundu wina. Atapeza chinthu choyera chitabayidwa ndi singano ziwiri zazitali, anazisolola kuti fyoo, n'kuziponya m'botolo. Ataona kaulusi kakulendewera anakakoka, ndipo kanabwera mosavuta. Anakokanso. Abale inu, munthu uja anakhala pansi n'kumaimba nyimbo ya kwaya, akukoka, akukulunga, mpaka shawelo yonse inasanduka mpira waukulu ngati dzungu.

A Mildred pobwera anapeza chipinda chili mbee, amuna awo ataima pakhomo chifuwa chili patsogolo.

"Amake Luso, lowani muone! Ndi wulu uja unasokonekera uja ndaukonza."

Mayi anayang'ana mpirawo. Anafuna kukuwa kuti Lirangwe yense amve, koma akanakuwa kuti chiyani? Kutchula shawelo kunali kutchula Luso. Anameza mawuwo, ndipo anawawa kukhosi kuposa mankhwala a malungo.

"Zikomo, bambo a Luso," anatero, mawu ali ziii.

Pamenepo nkhondo inayamba. Mlukazonse anabisa mpira uja, navula mipando yonse zoyala zake, moti alendo ankakhala pa masiponji ong'ambika. Anasoka matumba a mathalauza onse a mdani wawo, ndipo a Wilkins anazindikira ali pa msika, akufuna polowetsa dzanja. Nawonso Mnyamulazikwama sanagone: anayamba kulowetsa chimanga m'chipinda muja thumba limodzilimodzi, n'kumakhala pamwamba pake ngati msilikali wa pa chipata. Tiyi anasiya kutsekemera. Moni ankadutsira kwa nkhuku: "Kawauze abambo ako kuti madzi osamba kulibe."

Zitafika poti Mkamwini Wosagonja wapita kutchalitchi ndi malaya opanda batani ndi limodzi lomwe, ankhoswe anaitanidwa: a Noah a kuchimuna, ndi a Gertrude a kuchikazi. Katundu yense wa m'chipinda anatulutsidwa pabwalo monga umboni, mpira woyera uja uli pamwamba, ndipo oyandikana nawo anadzaza kumpanda.

"Anthu inu!" anayamba a Wilkins. "Ndatayapo chiyani ine? Batani? Zipi? Ndinapeza chisokonezo, ndasiya dongosolo. Malipiro anga ndi tiyi wopanda shuga!"

A Noah anatembenuka. "Alamu, chinawonongeka n'chiyani?"

"Anandimasulira zoluka zanga."

"Munkaluka chiyani?"

A Mildred anayang'ana kumpanda, kumene makutu anali ataima. "Chinthu."

"Chinthu chanji?"

"Chinthu basi."

Kumpanda kunamveka kuseka. Ngakhale a Gertrude, nkhoswe yawo yomwe, anagwira pachibwano. A Noah anaweruza kuti popeza chinthu chopanda dzina sichingaphe banja, katundu yense wosagwira ntchito apite kwa amayi a kutchalitchi akalukire zopondera pakhomo, kuyambira ndi mpira wabweretsa phokosowo.

Mfumukazi ya Singano inaona mdima masana. Wulu wa mdzukulu wawo, anthu azipukutirapo matope! Komabe anatseka pakamwa, misozi ili m'maso, chifukwa kuluza mlandu kunali bwino kusiyana n'kuika mimba ya Luso pabwalo.

A Wilkins ananyamula mpira uja m'mwamba ngati chikho cha ligi, kuti alankhule mawu otsiriza a wopambana.

"Taonani chimene tikuvutikira! Wulu woyera, wofewa ngati thonje. Amaluka chiyani ndi wulu wotere? Choyala patebulo? Ayi. Chipewa cha abusa? Ayi! Ine wulu wotere m'nyumba muno ndinauonapo kamodzi kokha, chaka chija Luso anali…"

Anaima pomwepo, pakamwa pali yasa. Anayang'ana mpira, anayang'ana akazi awo. A Mildred anawayang'ananso osaphethira, akuopa kuti tsopano zonse zitayika. Mudzi wonse unasendera pafupi.

Ndipo chinachitika chimene Lirangwe anali asanachionepo: a Wilkins anatseka pakamwa nkhani ili m'kati. Anatsitsa mpira uja pang'onopang'ono, naugwira ndi manja awiri, nagwada pafumbi.

"Ndalakwa ine. Mlandu wandigwera."

"Aaa, achimwene!" anadabwa a Noah. "Mwawina kale! Mwalakwa chiyani?"

"Ndinamasula chinthu."

"Chinthu chanji?"

"Chinthu basi. Mwatani kodi, simukumva?"

Pangano la mtendere linamangidwa tsiku lomwelo. Mazipi akufa ndi zigamba za zipani zinapita kutchalitchi pa wilibala, amayi akuimba ngati akuperekeza mkwatibwi. Mabatani anatsala m'zitini zawo. Chimanga chinalandira theka la chipinda, wulu theka linalo, malire ake mzere wa makala. A Gertrude anatulutsa thobwa, ndipo matumba a mathalauza anatsegulidwa pamaso pa mboni.

Koma wulu womasula umakhala wopotanapotana, sulukika bwino mpaka aunyowetse ndi kuuwongola. Choncho Mnyamulazikwama anakhazikidwa pampando pakati pa bwalo, manja atatambasula kutsogolo, a Mildred akuwazunguliza wulu wonyowa kuchoka dzanja ili kupita linalo. Thobwa la chikondwerero anachita kumwetsedwa ndi a Noah ngati wodwala.

Anthu atayamba kubalalika, a Wilkins ananong'ona: "Amake Luso, liti?"

"Tambasulani manja, musagwedezeke."

"Ali bwino koma?"

A Mildred anazunguliza wulu kawiri asanayankhe. "Ali bwino. Mukangotsegula pakamwa, ndisoka pomwepo."

Misozi inatsika m'masaya mwa ngwaziyo, ndipo inalibe dzanja loipukutira. Mayi wina wochedwa kuchoka anasuzumira pampanda: "Kodi a Wilkins, mukulira chiyani?"

"Manja akuwawa," anatero a Wilkins, nawakwezanso m'mwamba kuti wulu usakhudze pansi.