Kadzidzi Wanga ndi Ng'ona ya ba Goma

Lolemba

Kwatentha. Nkhuku zayasamula kukamwa pansi pa mtengo wa mango, ngati ana a giredi naini ndikawafunsa funso.

Nkhani yaikulu: ba Goma apuma ntchito kuchipatala. Lole ibwera Lamulungu kudzawatenga, akubwerera kwawo ku Tembwe. Phwando lotsanzikana lili pakhomo panga Loweruka masana. Ndiye kuti ndatsala ndi masiku asanu okha oti munthu ameneyu avomere ndi pakamwa pake zimene wakana kwa zaka khumi ndi zisanu: kuti chilimba changa chimaposa chake.

Ndilembe bwino, mwina adzukulu adzawerenga. Changa ndi Kadzidzi. Dzina la kampani lilipo pachitsulo, koma muno m'boma la Chama aliyense amati Kadzidzi, chifukwa ampulifaya yake ili ndi magalasi awiri ozungulira oyaka ngati maso, tisingano tikuvina m'kati. Ndinachisonkhanitsa chimodzichimodzi nditangochoka kukoleji: ampulifaya, deki ya makaseti, masipika awiri a matabwa ofika m'chiuno. Zonse za kampani imodzi. Lamulo langa ndi limodzi basi: osasakaniza.

Cha ba Goma ndi cha kampani ina ija ya chizindikiro chonga mano a sowo. Timaitcha Ng'ona. Imalira, inde. Ngolo nayonso imalira.

Pangano tagwirana chanza: zilimba zonse ziwiri kuseri kwa zitenje, kaseti imodzi, oweruza atatu omvera ndi makutu okha. Wogonja aimirira pamaso pa anthu n'kuvomera.

Zochita sabata ino:
1. Kupukuta mutu wa deki ndi thonje.
2. Kupaka polishi masipika.
3. Kusankha kaseti.
4. Kukonzekera nkhope yodzichepetsa ya pa Loweruka.

Amake Taonga amva za mpikisanowu. Kenako akuti, "Bwanji mungovina chabe, atate ake Taonga?" Akazi ndi nyimbo!

Lachiwiri

Ndaweruka kusukulu msanga. Thonje, sipiriti, kansalu koyera.

Ndasankha kaseti yanga yakale ya kalindula, ija yokhala ndi besi yogwedeza makapu m'kabati. Ndiika. Ndidina. Woimba ayamba bwino, kenako mawu akulemera, akulemera, ngati munthu amene wamwa kuyambira m'mawa. Deki yatafuna tepi!

Theka la ola ndikukulunga tepi ndi bolopeni yofiira ya kusukulu. Yapulumuka, yangokwinyika pang'ono pa nyimbo yachitatu.

Ndatsegula deki. Lamba wozungulitsa mawilo wasungunuka, wasanduka phula. Dzuwa la chigwa chino silisankha kampani, ndivomere.

Lamba wa Kadzidzi ndingamupeze kuti? Ku Chipata mwina, ku Lusaka mwina, pa Loweruka ayi. Ndadula kalegeni kopyapyala ku chubu chakale cha njinga. Kakwana. Woimba manje akuthamanga pang'ono, ngati basi ikumusiya, koma akuimba.

Chikumbumtima: kodi legeni ndi kusakaniza? Ndalingalira mofatsa. Chubu si kampani ya zilimba. Mlandu palibe.

Oweruza tagwirizana:
— sisita Mvula a kuchipatala (amaimba kwaya, khutu lilipo)
— ba Kumwenda a ku ofesi ya zaulimi (alibe mbali, alibenso wailesi)
— madala Nyirenda, mkulu wa mpingo (amamva khutu limodzi, koma onse amawaopa)

Lachitatu

Malaiti apita kuyambira m'mawa mpaka cha m'ma folo. Ndakhala ndikuyang'ana chilimba, icho chikundiyang'ana.

Abwera malaiti. Ndiyatsa. Diso lamanzere la Kadzidzi lazima! Kababu kapsa. Amake Taonga akudutsa ndi beseni, akuti manje akuoneka ngati akutsinzinira munthu. Sindinaseke.

Palibe kanthu, kuseri kwa chitenje maso saoneka.

Koma pali china. Sipika yamanzere ikuchita phokoso besi ikagunda. Zzz, zzz, ngati njuchi yatsekeredwa m'botolo. Ndasintha waya, ndamanga bwino, ndaigogoda pambali monga timachitira ife odziwa. Zzz.

Ba Goma adutsa pa njinga, aima pa mpanda. Amva. Munthu wa kuchipatala, amamva chifuwa cha mwana ali panja pa wodi. Akuti, "Ba ticha, wodwala wanu akutsokomola. Ndimulembere mankhwala?" Ndawayankha kuti Kadzidzi akukonza kukhosi, monga amachitira woimba wamkulu aliyense asanayambe. Amvanso kuti woimba akuthamanga, akuti lamba wa deki ali naye wapadera ngati ndifuna. Wa Ng'ona! Ndathokoza mwaulemu, ndakana mwaulemu.

Akhala pang'ono, tamwa tii, takangana za besi monga mwa masiku onse. Ndati mawu a Kadzidzi ali ndi mafuta, a Ng'ona ndi ouma ngati nsomba ya pa thandala. Iwo angogwedeza mutu, akumwetulira m'kapu. Kumwetulira kumeneku ndakuona zaka zambiri. Ndimati ndi kwa munthu wosowa poyankha.

Atapita, amake Taonga akuti sipikayo ndisaitsegule, mwina ingoleka yokha. Aphika nkhuku pakati pa sabata. Sindikudziwa chifukwa.

Lachinayi

Zzz ikadalipo. Sipika pa wilibala, bulangete pansi, bulangete pamwamba, ulendo wa kumsika kwa ba Zgambo okonza mawailesi. Anthu panjira akufunsa ngati ndi wodwala. Ndikuti inde.

Ba Zgambo aiona sipika, aona ine, akuti lero ali ndi ntchito yambiri. Patebulo pali tochi imodzi. Ndakhala pa benchi, ndati ndidikira.

Amasula masikuluwu pang'onopang'ono ngati akulipira okha. Atsegula kumbuyo. Mavu aja omanga ndi dothi amanga nyumba zitatu m'kati, imodzi yagundana ndi mbale ya sipika, ija yapepala yokhala ndi maginito kumbuyo, imene imatulutsa mawu. Basi, matenda ndi amenewo. Akokota ndi kampeni. Ndapuma.

Kenako ndiweramira kuti ndione mtima wa Kadzidzi wanga, poti sindinauonepo chiugulireni.

Pa maginito pali mano a sowo.

Ndavula magalasi, ndapukuta, ndavala. Mano a sowo. Ng'ona! M'mimba mwa Kadzidzi muli Ng'ona!

Ba Zgambo akufunafuna sikuluwu pansi pa tebulo, sikuluwu ili m'manja mwawo. Akuti, "Ine ba ticha ndimangowotcherera. Za m'nyumba za anthu sindilowa."

Kunyumba ndatseka chitseko, ndatsegula sipika yakumanja ndi mpeni wa patebulo. Mano a sowo.

Nkhomaliro sindinadye. Ndanena kuti ndi kutentha.

Lachisanu

Bwalo la milandu pa khonde, sikisi koloko m'mawa. Woimbidwa mlandu, amake Taonga, akusenda mbatata, sakuoneka wamantha.

Umboni wake uli motere. Zaka zisanu ndi zinayi zapitazo, nthawi ija ndinapita kukachonga mayeso milungu itatu, azimayi a kumpingo anali ndi msonkhano waukulu, ena anachokera mpaka ku Kambombo. Anabwereka Kadzidzi. Amake Taonga anavomera, poti mwini wake kulibe. Mayi wina anapotokola voliyumu mpaka pothera kuti a kumbuyo amve. Masipika onse awiri anapsa pa nyimbo yachiwiri. Amake Taonga anathamangira kwa ba Goma misozi ili m'maso. Ba Goma anachotsa mbale m'masipika awo apadera, ba Zgambo anaziika, azimayi anapemphera.

"Ndiye munabwera inu," akutero, "munayatsa, munatseka maso, munati: amake Taonga, mwamva? Kadzidzi akamakalamba m'pamene mawu amakoma. Ndikanati chiyani?"

Ndikukumbuka. Ndinanenadi. Ndinakanenanso kwa ba Goma madzulo ake omwewo, ndinawakhazika pa mpando wapakati kuti aphunzire.

Odziwa nkhaniyi, monga ndawerengera:
— amake Taonga
— ba Goma ndi akazi awo
— ba Zgambo
— azimayi onse a kumpingo
— motero amuna awo
— sisita Mvula, woweruza, amene anali mlembi wa msonkhanowo

Wosadziwa: mphunzitsi mmodzi wa sayansi, amene amaphunzitsa ana mutu wa mawu ndi mmene amayendera.

Zaka zisanu ndi zinayi ndikutamanda mafuta a Ng'ona, mwini Ng'ona akumwa tii wanga!

Njira zimene zilipo:
1. Kudwala mawa. (Ba Goma adzabwera kudzandipima.)
2. Kuchotsa mbalezo. (Ndiye chilira n'chiyani, matabwa?)
3. Kuulula.
4. Kukhala chete ngati Chama yense.

Kusukulu ndaphunzitsa za maginito. Mwatsoka.

Madzulo ndapaka polishi masipika. Matabwawo ndi a Kadzidzi ndithu. Ndayang'ana paliponse.

Loweruka

Mipando ya kusukulu, mbuzi, thobwa m'zidebe ziwiri. Anthu adzaza mpaka ku mpanda. Zitenje zinayi pa chingwe cha zovala, kuseri kwake zilimba ziwiri zakhala moyandikana ngati apongozi pa ukwati.

Pa njira zinayi za dzulo zija, ndasankha nambala folo. Ndine munthu wamba.

Chilimba choyamba chilira: cha ba Goma. Chabwino ndithu, ndinene zoona, poti buku ili saliwerenga munthu. Chachiwiri: changa. Legeni ikugwira ntchito, woimba akuthamangira basi yake, besi ikugwedeza thobwa m'makapu. Zzz palibe.

Chigamulo. Sisita Mvula: chachiwiri, akuyang'ana kumwamba kwa mango. Ba Kumwenda: amayesa ndi chimodzi chomwecho chalira kawiri, koma poti afunika kusankha, chachiwiri. Madala Nyirenda: chachiwiri, chifukwa nyimbo yatha msanga.

Ndapambana. Atatu onse.

Ba Goma aimirira, akonza jekete, nkhope ngati akuwerenga zotsatira za magazi. Akuti, "Abale, ndavomera. Ndayenda, ndamva zilimba zambiri, koma masipika a ba ticha awa, palibe owaposa m'Chama muno. Amene anapanga za m'kati mwake ankadziwa ntchito."

Azimayi a kumpingo aombera m'manja nthawi yaitali kuposa mmene zifunikira. Wina wagwa pa mpando. Amake Taonga alowa m'khitchini, mapewa akugwedezeka.

Nkhope yanga yodzichepetsa ija yagwira ntchito, sindinachite kuikonzekera.

Manje zovina. Tichotsa zitenje, ndidina deki. Nyimbo imodzi, theka la yachiwiri, phwa! Legeni yaduka. Anthu aima miyendo ili m'mwamba. Onse akuyang'ana ine, Kadzidzi akuwayang'ana ndi diso limodzi.

Ndatenga waya ndekha, ndi manja angawa, masana dzuwa likuswa mtengo, ndalumikiza deki ya Ng'ona ku ampulifaya ya Kadzidzi. Ba Goma agwira tochi ngakhale kuli kowala, akuti opaleshoni imafuna ulemu.

Chalira. Mphezi sinagwe. Tavina mpaka dzuwa kupendeka, madala Nyirenda nawonso, ndodo m'mwamba.

Lamulungu

Tachoka kutchalitchi, lole yaima kale pakhomo pa ba Goma. Matilesi, mipando, mbuzi imodzi yotsala, makasu atsopano awiri. Ndathandiza kumanga zingwe. Za dzulo sitinatchule. Za zaka zisanu ndi zinayi sitinatchule.

Chilimba chawo sichinakwezedwe. Chili pa wilibala, bulangete pamwamba. Akuti kunyumba ya ku Tembwe malaiti sanafike, kasola kawo n'kotchajira foni chabe, ndipo chiswe cha kumeneko sichiopa kampani iliyonse.

"Mundisungire Ng'ona yanga, ba ticha," akutero. "Siidzasowa anzake. Ana ake mwalera kale bwino."

Ndafuna kuyankha za nsomba ya pa thandala, koma ndangopukuta magalasi. Fumbi la lole, mwina. Akuti adzabwera mwezi ndi mwezi kudzatenga penshoni, ndiwasungire kapu yawo ndi mkangano wawo.

Wilibala ndakankha ndekha mpaka kunyumba. Panjira palibe wafunsa ngati ndi wodwala.

Manje pa shelefu zinthu zili motere:
— pansi, ampulifaya ya Kadzidzi, diso limodzi
— pamwamba pake, deki ya Ng'ona
— m'mbali, matabwa a Kadzidzi, mawu a Ng'ona
— pakona, zotsala za ba Goma, zikudikira mwini wake

Lamulo lija la osasakaniza ndaliunikanso. Linali la mnyamata wongochoka kukoleji.

Amake Taonga abweretsa kansalu koluka, kaja ka pa wailesi yakale, akuti ndiphimbire mano a sowo ngati akundiwawa m'maso. Ndaphimba. Ndaika kaseti. Woimba wapeza basi yake, akuimba mosathamanga koyamba sabata ino.

Mafuta alimo ndithu m'mawuwa.

Ba Goma akadzabwera ndidzawauza kuti ndi ampulifaya.