Nsidze Zooneka Tsidya la Msewu

Mlongo wanga Esinta ali ndi chithunzi cha ukwati wake chimene sachionetsa munthu, ndipo akuti wolakwa ndine.

Zaka zija za chipani chimodzi, ine ndinali katswiri wolemba zikwangwani kuboda ya Mchinji. Magolosale, malo ometera, ngakhale mawu a kumbuyo kwa malole, zonse zinkadutsa m'manja mwanga. Dzanja langa silinkanjenjemera (mpaka lero silinjenjemera, funsani aliyense).

Ukwati wake ku Guilleme utayandikira, Esinta anameta nsidze zonse ndi lezala monga ankachitira atsikana a ku Chipata, kuti azijambula zina. Pensulo yojambulira nsidze inkasungunuka ndi thukuta, choncho mnzake wina wageni anamubweretsera mankhwala odetsa tsitsi, aja osachoka msanga. Esinta anabwera nawo kwa ine.

"Achimwene, inu mzere mumautha. Mundijambule tiwiri tating'ono, ngati ulusi."

Ndinamukhazika pampando kunja kwa shopu yanga, ndikusankha burashi yanga yaing'ono kwambiri. Timizere tija tinatuluka bwino, topindika mofanana. Ndikanalekera pomwepo bwenzi pano ndikutamandidwa.

Koma wolemba zikwangwani saweruza ntchito ali pafupi. Ndinawoloka msewu monga mwa masiku onse, ndikutembenuka. Nsidze sizinkaoneka. Ndinabwerera, ndikuwonjezera. Ndinawolokanso. Zinkaoneka, koma dalaivala wothamanga sakanaziona, ndiye ndinawonjezeranso pang'ono (chizolowezi, anthuni, chilibe mankhwala). Esinta anali atatsinzina nthawi yonseyi, akundikhulupirira. Ulendo womaliza ndinakhutira kwambiri moti ndinaitana wometa woyandikana nane kuti adzaone luso. Iye anangogwira pakamwa, n'kubwerera mushopu mwake.

Esinta atadziona pagalasi sanalire msanga. Anayamba wafunsa ngati mbozi ziwiri zili pamphumi pakezo zichoke ndi sopo. Tinayesa sopo, mandimu, phulusa, ngakhale palafini amene ndinkatsukira maburashi. Khungu linafiira, nsidze zili nji. Apo ndiye analira, ndipo kunena zoona ndinamumvera chisoni.

Tsiku laukwati amayi anamukokera velo mpaka pachibwano. Mutchalitchi, mkwati atakweza veloyo anabwerera m'mbuyo pang'ono, ndipo ana a kwaya anabisa nkhope m'mabuku. Mwamwayi anali munthu wolimba mtima, analumbira ndithu. Esinta sanadzutse mutu mpaka ukwati kutha.

Ine ndimanenabe kuti wodziwa kujambula ndiye woyenera ntchito ya pankhope. Mizere ija inali yofanana ndendende, ndipo pachithunzipo, pomwe ena onse akungooneka mbuu, iye amadziwika bwinobwino. Esinta mfundo imeneyi saimva. Mwana wake wamkazi akukwatiwa, uthenga unandipeza kudzera mwa alamu: "Akuti mubwere, koma mkwatibwi mukamuone atatuluka kale mutchalitchi."