Wapampando wa Ogona Msanga

Inu, tamverani za Bambo Orville Tillery, wapampando wa Bungwe la Ogona Msanga pa tchalitchi chathu ku Brooklyn, mu mzinda waukulu wa kutsidya la nyanja. Munthu wadongosolo ameneyo! Mu 1955, a wailesi ya kanema atayamba macheza ofika pakati pa usiku, iwo anasainitsa amuna makumi awiri lonjezo: naini koloko ikakwana, nyale zizime. Wophwanya lonjezo, kunja.

Ndiye mwini pulogalamu ina ya machezawo, Buddy Kessler, anawaitana kuti akadzudzule mtundu wonse.

"Orville, inu mumawodzera supu ili m'kamwa," anatero akazi awo, a Lavinia. "Leveni koloko mukaiona?"

"Mayi, mlonda wa choonadi saphethira."

Anamwa makapu anayi a khofi, ulendo.

Tsono mapulogalamuwo anali ndi mwambo wake: mlendo watsopano akalowa, wakale amasendera kumapeto kwa sofa. Ndipo zonse anthu ankaziona pomwe zikuchitika, panalibe zofufuta. A Tillery atangoti, "Abale anga, usiku ndi wa…" Buddy anawadula.

"Mawu onona, akulu! Koma tiyambe tatsatsa sopo."

Sopo atatha kunalowa Dolores, wovina, atavala nthenga zambiri kuposa nsalu. A Tillery anasendera. Kunalowa woimba lipenga. Anasenderanso, Dolores pambali. Kunalowa mkulu wina ndi nkhuku yodziwa masamu! Sofa yofewa, nyale zotentha, khofi yense anathawa m'thupi. Mutu wa wapampando unatsika pang'onopang'ono mpaka kukatera paphewa la Dolores.

"Musawadzutse agogowa," Buddy ananong'oneza oonera. "Akutiphunzitsa mwachitsanzo."

Mkonono wawo akuti unamveka mpaka ku Chicago.

Lamlungu bungwe linakumana kuti liwachotse. Bambo Pruitt, amene mpandowo ankaulakalaka kuyambira kale, anaimirira.

"Manyazi! Mkulu wa mpingo kutsamira mkazi wa nthenga! Mpaka dovu kuyenderera!"

A Tillery anapukuta magalasi awo modekha. "Dovu, a Pruitt? Munaliona?"

"Ndi maso angawa! Tsaya lakumanzere!"

"Lakumanja," wina anakonza.

"Eya, lakumanja," anavomera msungichuma. "Nkhuku ija itangowerenga seveni."

"Eyiti!" anakuwa ena kumbuyo, ndipo chipinda chonse chinayamba kukangana za nkhuku.

A Tillery anadikira mpaka phokoso litatha. "Kodi inali nthawi yanji, abale?"

A Pruitt anayamba kufufuza chinachake m'chipewa chawo.

"Alembi, lembani," anatero wapampando. "Usiku umenewo, m'bungwe lonseli, amene anali m'tulo ndine ndekha."

Mpando anausunga, ndipo n'koyenera, pakuti lamulo ndi lamulo. Koma za kunyumba musandifunse. A Lavinia sanasaine kanthu, ndipo anaonera mpaka kumapeto.