Mmishonale ndi Mlamba wa M'bwato

Ndikanadziwa kuti pakamwa panga padzandifikitsa pakati pa mtsinje wa Kafue, Lamulungu lija ndikanangopereka moni kwa mpingo n'kukhala pansi. Koma zinachitika, ndipo poti ku Nangongwe nkhaniyi aliyense amaifotokoza mmene akufunira, ndi bwino muimve kwa ine amene ndinamwa madziwo.

Ine ndi mkazi wanga, amake Taonga, tinakhala zaka zambiri ku Botswana monga amishonale, kumudzi wina wa m'mphepete mwa chipululu, kumene mvula ikagwa ana amathawa m'kalasi kukaionerera. Ntchito inayenda bwino, mpingo unakula, mpaka munthu wa komweko amene tinamuphunzitsa anafika poti angathe kuutsogolera yekha. Amene anatituma anati nthawi yathu yakwana, tibwerere kwathu. Titafunsa kuti kwathuko tikachita chiyani, anatiyankha kuti Mulungu adzatsegula khomo. (Mawu amenewa amakoma ukamauza wina. Akakuuza iweyo, kukoma konse kumatha.)

Tinafikira kwa alamu anga ku Kafue Estates. Anatipatsa chipinda chimene amasungiramo chakudya cha nkhuku, ana n'kumagona pabalaza. M'mawa anthu onse ankathamangira basi ya ku Lusaka, ena kumafakitale, ine n'kutsala pageti ndi kapu ya tiyi, mwamuna wathunthu wopanda kopita. Aliyense wodutsa funso lake linali lomwelo: "Manje ba mishonale, muzayenda kuti futi?" Ndinkamwetulira n'kuyankha kuti tikudikira Ambuye. Mumtima ndinali ndi mantha amene sindinkauza munthu, akuti mwina Mulungu wathana nane, wandibweza kwathu kuti ndidzakalambire pageti la alamu.

Mantha enanso ndinali nawo, ndipo awa ndi akale. Ndinabadwira ku Nangongwe, pafupi ndi mtsinje, koma kusambira sindidziwa ngakhale pang'ono. Ndili mwana ndinaona azibambo akuvuula mnzanga amene tinkasewera naye mpira, atafa kale, ndipo kuyambira tsiku limenelo madzi ambiri ndimawaopa. Basi ikamawoloka pa mlatho ndimayang'ana nsapato zanga mpaka titafika kutsidya. Ku chipululu kuja, kopanda mitsinje, palibe amene akanazindikira mantha angawa. Amene ankadziwa ndi amake Taonga okha.

Lamulungu lina abusa a mpingo wathu ku Nangongwe anandipempha kuti ndichitire umboni za ntchito ya ku Botswana. Ndinayamba bwinobwino. Ndinanena za zinkhanira, achinyamata anati ameni. Ndinanena za njoka, anaimirira. Woimba kiyibodi naye anayamba kundithirira moto, mawu aliwonse amene ndanena iye n'kumenya. Posakhalitsa ndinapezeka ndikufotokoza za mkango umene ndinayang'anizana nawo maso ndi maso. (Mkangowo unalipodi. Tinaumva ukubangula kutali, ife tili m'nyumba, zitseko titatseka.) Kenako ndinakweza dzanja n'kufuula kuti: "Kulikonse kumene Ambuye adzanene, ine ndidzapita! Kaya ndi pamoto, kaya ndi pamadzi!"

Tchalitchi chonse chinagwedezeka ndi nthungululu. Amake Taonga okha ndi amene ankayang'ana pansi.

Titaweruka, bambo wina wachikulire anandigwira dzanja ndi manja ake onse awiri, manja olimba ngati khungwa. Anali ba Mweemba, msodzi amene amabweretsa nsomba kumsika.

"Ba mishonale, Mulungu wayankha lelo," anatero. "Kuja kutsidya, kukampu kwathu kwa asodzi, tilibe munthu wotiphunzitsa Mawu. Ena amabwera kamodzi, sabwereranso. Manje imwe mwakamba kuti na pamanzi muzayenda. Pa Chiweru nizabwera kukutengani."

"Zikomo, ba Mweemba. Msewu wake ni uti?"

"Msewu ulipo. Ni manzi."

Abusa anali pambali pathu, akumva zonse, misozi ili m'maso. Ndikanakana bwanji?

Mlungu umenewo ndinapemphera kuposa kale lonse, koma pemphero lake linali lakuti Ambuye aonetse kuti zimenezi si zochokera kwa iwo. Ndinkadzigwira pamphumi kufunafuna malungo, osawapeza. Ndinayesa kukopa amake Taonga kuti mwina tisathamange, tiyambe tasala kudya kaye mwezi umodzi.

"Batate ba Taonga," anandiyankha akuyanika zovala, "takhala tikupempha khomo. Simunakambe kuti likhale louma."

Chiweru chija, Loweruka m'mawa, ndinavala suti, tayi ndi nsapato zanga zabwino, poganiza kuti ngati ndikafe, andipeze ndili wooneka. Kudoko tinapeza ba Mweemba atafika kale. Bwato lake linali la matabwa, lalitali koma lopapatiza, ndipo m'kati mwake munali maukonde, masaka onyowa ndi madzi ofika m'kakolo.

"Manzi aya alowa bwanji?" ndinafunsa.

"Amalowa pang'ono chabe. Muzikapako." Anandipatsa chigubu chodula pakati.

Iwo anakhala kumbuyo ndi nkhafi, amake Taonga pakati, ine kutsogolo, mapazi ali pafupi ndi masaka aja. Bwato litangochoka pamtunda ndinayamba kukapa madzi ngati ndikulipidwa, mpaka ba Mweemba anandipempha kuti ndichepetse chifukwa ndinkawanyowetsa amake Taonga.

Kunena zoona, chimene ndinamva pakati pa mtsinje uja si chinthu choseketsa. Mtunda unapita kutali, nyumba za m'tauni zinabisika kuseri kwa bango, ndipo madzi anali akuda, osaoneka pansi. Pakati pa ine ndi madziwo panali thabwa limodzi lokha. Nkhope ya mnzanga uja inandibwerera, mmene anamugonekera pamchenga. Ndinaganiza za ana amene tinawasiya kwa alamu, kuti makolo onse awiri tili m'bwato limodzi, ndipo ndi ine amene ndatilowetsamo ndi pakamwa panga.

Kenako kumanzere kunamveka chinthu chikupuma mwamphamvu, ngati matayala a lole akuphwa. Makutu ang'onoang'ono anatulukira pamwamba pa madzi.

"Ni chani icho?"

"Ni mvuu chabe. Zilibe vuto ngati zilibe mwana."

"Nanga izi zili na mwana?"

Ba Mweemba anayang'anitsitsa kwa kanthawi. "Tizaona," anatero, n'kupitiriza kupalasa.

Tinalowa m'kanjira kopapatiza pakati pa bango ndi udzu woyandama. Apa ba Mweemba anandiuza kuti ndichotse zala m'mphepete mwa bwato chifukwa malo amenewa ng'ona zimakonda. Ndinapinda manja pachifuwa n'kutseka maso. Amake Taonga ankang'ung'udza kanyimbo kumbuyo kwanga, ndipo nthawi ina anandigwira paphewa kuti ndione mbalame yokongola. Mbalame, abale, panthawi ngati imeneyo!

Patapita nthawi ndinamva ng'oma ndi mawu a azimayi akuimba. Ba Mweemba anati ndi anthu akukampu, abwera kudzalandira munthu wa Mulungu amene saopa mkango. (Nkhaniyo inali itawoloka kale mtsinje ine ndisanawoloke.) Ndinatsegula diso limodzi, ndinaona misasa yaudzu ndi anthu ataima pagombe akukupiza zitenje. Mtima unayamba kutsika. Ndinawongola tayi.

Nthawi yomweyo chinthu chozizira, choterera, chinandimenya pakakolo. Ndisanaganize n'komwe chinalowetsa mutu m'mwendo wa thalauza, ndikumva tindevu take tikundikwawa pakatumba. M'mutu mwanga munabwera chinthu chimodzi chokha: ng'ona yaboola bwato.

Ndinakuwa mawu amene sindinkadziwa kuti ndili nawo, n'kuimirira.

"Khalani pansi! Ba mishonale, khalani pansi!" anafuula ba Mweemba, bwato likupendekera uku ndi uku.

Sindinakhale pansi. Ndinadumpha. Inde, pothawa ng'ona ndinadumphira mumtsinje. (Musandifunse. Ndadzifunsa ndekha kambirimbiri.)

Madzi anandilowa m'mphuno, m'kamwa, m'makutu. Ndinkaphupha ngati nkhuku yodulidwa mutu, maso nditatseka, ndikudziwa kuti mapeto ndi omwewa. Mutu ukatulukira ndinkafuula zimene zinali mumtima. "Ambuye, landirani mzimu wanga! Amake Taonga, musamale ana!" Ndinamwanso madzi ena, ndipo poona kuti ndatsala pang'ono kuonekera pamaso pa Mulungu, ndinawonjeza ndi mphamvu zonse: "Mkango uja sininauone! Ninaumva chabe!"

Ng'oma zinasiya.

"Ba mishonale," anatero ba Mweemba, mawu ali phee, pafupi penipeni ndi khutu langa. "Imirirani."

"Nikumira!"

"Imirirani chabe."

Ndinaponda pansi. Ndinaimirira. Madzi ankalekeza m'mawondo. Chapafupi panali mayi wina akutsuka mapoto, atangokwinya chitenje pang'ono, akundiyang'ana kukamwa kuli yasa. Ba Mweemba anapisa dzanja pansi pa masaka n'kutulutsa mlamba waukulu, wamoyo, ukuphiriphitha. Anali ataugwira m'mawa womwewo n'kuusunga m'masaka onyowa kuti ukhale ndiwo ya alendo.

Ndinayenda kupita kumtunda ndi nsapato imodzi, inayo matope atailanda. Anthu anayesetsa ndithu kundilemekeza. Anakhala chete, ena akuluma milomo, mpaka amake Taonga, mkazi wanga wa pa ukwati woyera, anaphulika m'bwato muja. Basi gombe lonse linagwa nalo phwete, azibambo akugwirana mapewa, woimba ng'oma atagona chagada.

Anandibwereka chitenje. Thalauza, jekete ndi tayi anaziyanika pathandala pamodzi ndi nsomba. Ndinkafuna nthaka ing'ambike, koma anthu anali atakhala kale pansi pa msasa kudikira ulaliki, ndipo ulaliki umene ndinakonza unali wa kulimba mtima. Ndinaima kutsogolo kwawo, chitenje m'chiuno, phazi limodzi lili lopanda nsapato, ndinaona kuti umenewo sungatheke.

Ndiye ndinangowauza zoona. Ndinawauza za mnzanga amene anamira, kuti madzi ndimawaopa kuyambira ndili mwana. Ndinawauza kuti chibwerereni kwathu sindikudziwa chimene Mulungu akufuna kwa ine, kuti ndimayankha anthu molimba mtima koma ndimaopa kuti mwina ntchito yanga inatha. Pomaliza ine, kuseka kuja kunali kutatha.

Mayi wina wamkulu, amene pambuyo pake ndinamva kuti amuna awo anaphedwa ndi mvuu, ndiye anayamba kuyankhula.

"Mwana wanga, ise tonse pano timayopa manzi. Mwana wanga wamwamuna akayenda na bwato, ine sinidya mpaka abwere. Kulibe amene anabwerapo kutipempherera pa ichi. Amatiuza chabe kuti tisayope."

Tinapemphera limodzi, ndipo sindikukumbuka pemphero lina limene ndinapempherapo mopanda kudzionetsa ngati limenelo. Ena analira. Inenso ndinalira, chitenje changa ndikuchigwira kuti chisagwe.

Pa nthawi ya chakudya anatibweretsera nshima ndi mlamba womwe uja, mutu wake n'kuuika m'mbale yanga. Ndikudya ndinamva mayi wamkulu uja akuuza ba Mweemba, osatsitsa n'komwe mawu: "Uyu ndiye wabwino, musamutaye. Enawo anali kuthawa chifukwa bwato sanali kuliyopa. Uyu tikangomuwolotsa, sazathawa."

Madzulo asanafike tinayenera kubwerera. Ndinafunsa ngati sitingagone konko, mwina mpaka chilimwe madzi ataphwera. Amake Taonga anandikumbutsa kuti tili ndi ana. Ndinakwera, koma ndinayamba ndatokosa masaka onse ndi ndodo.

Kuyambira pamenepo timawoloka Loweruka lililonse. Kumwamba sikunamveke mawu, palibe amene analota loto, koma anthu aja amatidikira, ndipo tsiku limene mphepo yatiletsa amatumiza uthenga kufunsa ngati tili bwino. Kusambira sindinaphunzirebe. Mantha sanachepe ngakhale pang'ono. Ndimakwera bwato, maso n'kutseka, milomo ikuyenda. Asodzi amauzana kuti ba mishonale amapemphera njira yonse osapuma, ndipo pamenepo sanama.

Vuto ndi lakuti ntchito ikuyenda bwino. Anthu angapo atembenuka mtima, ndipo mlungu wathawu anandiuza mokondwa kuti akufuna ubatizo, wa kumiza thupi lonse, mumtsinje, wobatiza ndineyo. Ndinawayamikira kwambiri, kenako ndinakokera ba Mweemba pambali n'kuwafunsa ngati kukampuko kulibe munthu amene ali ndi dramu lalikulu. Anati afunsa. Koma mmene mapewa awo ankagwedezekera akuchoka, ndikuona kuti dramulo silibwera.