Nsidze zanga zinatsala pathaulo

Lemba momwe ndikuneneramu, Tadala, usakongoletse.

Ine sukulu sindinapondeko, koma khungu langa kuno ku Bangwe palibe angalinene. Sopo ndi mafuta a nsatsi basi, chichokereni ku Nsanje.

Mdzukulu wangayu ndi anzake a kuyunivesite akabwera pa holide, nkhani ndi ya kiliniki ya khungu ya m'tauni, akuti nkhope imafuna savisi ngati minibasi. Amameta nsidze n'kujambulapo zina ndi pensulo. Ine ndinkawaseka, "Mulungu analemba kale, inu mukufufuta kuti mumukonzere?"

Ndiye kutchalitchi anandisankha kutsogolera chopereka cha mphakati wathu, malo amene amake Rozi, oyandikana nane, akhala akuwafuna chaka chonse. Wotsogolera aliyense amamuyang'ana. Loweruka, Tadala atapita kumsika, ndinati ndingoyesako mafuta ake a kukiliniki aja. Osati kuti ndinkafunikira.

Kuwerenga sindidziwa koma mphuno ndili nayo. Ndinasankha botolo lonunkha kwambiri, poti mankhwala amphamvu sanunkhira. Ndinapaka chipumi chonse mpaka m'nsidze, kunayamba kuyabwa, ine n'kumati akugwira ntchito. Popukuta, nsidze zonse zinatsala pathaulo. Pagalasi ndinaona dzira lovala duku.

Ndiuze mwana? Ine? Ndinagona nditatsitsa duku. M'mawa ndinatola khala pambaula n'kujambula ndekha, ndipo zinaoneka bwino, zimenezo ulembe.

Koma kutentha kwa Okutobala mukukudziwa. Tchalitchi chodzaza, ine patsogolo, dengu la mbatata pamutu, manja onse ali kudengu, ndikuvina, thukuta likutsika ndipo ndipukute ndi chiyani? Bambo mfumu polandira dengu anandiyang'ana nthawi yaitali n'kundidalitsa kawiri.

Nditabwerera pabenchi, amake Rozi anandisendera. "Agogo, phulusa la Lenti mwalandira kale? Ife sitinamve chilengezo."

Kunyumba Tadala ananyamula botolo lija n'kuliyang'ana, n'kundiyang'ana. "Agogo, awa ndi ochotsera ubweya wam'miyendo."

Sanaseke, ndinamulera bwino. Anakasekera kuseri kwa bafa, ndinamumva.

Chichokereni tsikulo botolo losalidziwa sindiligwira, ngakhale litanunkha bwanji. Nsidze akuti zimera, koma sizikufulumira, ndiye m'mawa uliwonse ndimakhala pampando, mwana wa kuyunivesite n'kumandilemba kumaso. Za Mulungu zija sindinabweze, ndangosiya kuzinena.

Wamaliza? Bweretsa pensulo ija, yakumanzereyi lero waikhotetsa.