Paipi Yathu ndi a Kamanga

Lolemba

Madzi m'bafa sakutuluka. Afika mu akakolo, thovu likungozungulira. Mayi a Lute, akazi anga, akuti anayamba kuchedwa dzana, ine sindinaone chifukwa ndimasamba mothamanga, kuzizira kwa mwezi uno.

Lamulungu likubwerali mphakati ukumana pakhomo pathu. Sungakhazike anthu a mapemphero pa fungo ili.

Nyumba ziwirizi, yathu ndi ya a Kamanga, atelala a pamsika wa Mayani, n'zogundizana. Bafa lawo lili kuseri kwa khoma la bafa lathu. Mapaipi awiri amakumana m'kabokosi ka simenti, kuchoka apo paipi imodzi imalowa pansi. Imapita kuti? Ndapuma pantchito nditaphunzitsa ana za mitambo, mitsinje ndi nyanja, koma madzi anga osamba sindinawafunsepo kumene amapita. A Kamanga akuti kumunsi kuli dzenje la miyala. Analiona? "Ayi aphunzitsi, ndinangomva."

Dongosolo:
1. Madzi owira ndi soda.
2. Waya.
3. Mawa masana ntchito yatha.

Lachiwiri

Ndikuthira ndowa ya madzi owira. Akutsika pang'ono, ndikusangalala. Kuseri kwa khoma kukumveka mfuu. Madzi atulukira m'bafa la a Kamanga, eniake ali momwemo. Ndiye kuti chatsekacho chili kumunsi kwa kabokosi, osati kwathu kapena kwawo. Ndikuwafotokozera zimenezi pakhoma.

Masana, waya wa mpanda wopinda kunsonga. Zotuluka m'kabokosi:
mabatani asanu
tsitsi la meshi, lofiirira
makoko a kachewere
chivindikiro cha botolo la mafuta odzola
supuni

Ndikuziyala pathumba, mulu wathu uku, wawo uku. Mabatani n'ngosavuta. Meshi wakanidwa mbali zonse ziwiri. A Nangozo, akazi a Kamanga, akuti: "Ine wofiira? Mundifunse bwino." Supuniyo yachokera m'paipi ya mbali yathu. Inadutsa bwanji pokhota paja? Ndayesa ndi supuni ina, yakana.

Lachitatu

Mayi a Lute aitsuka supuni ija n'kuizindikira. Ndi imene anati a Nangozo anabwereka chaka chatha osabweza, moti anatha mwezi akupatsana moni wa pakamwa pokha. "Musaionetse," akutero, n'kuiika pansi pa masupuni ena. Koma dzulo inali pathumba tsiku lonse.

A Nangozo lero akuimba kwambiri pochapa.

Ndikulumikiza mawaya awiri kuti ndifike patali. Akulowa, akulowa, mikono isanu ndi umodzi, kenako wakanirira. Kukoka, ayi. Kukankha, ayi. A Kamanga akubwera kudzathandiza, tikukoka tonse, waya waduka polumikiza. Tsopano m'paipi muli chotseka chakale ndi waya wanga.

Tikusambira m'beseni kuseri kwa khola la nkhuku. Mphepo ya ku Chongoni ikudutsa pomwepo.

Lachinayi

Tikumba. A Kamanga atseka shopu, abwera ndi piki. Akuloza pafupi ndi mtengo wa pichesi: dzenje lili apa. Tikukumba kufika m'chiuno. Dothi lofiira, louma, mwala ngakhale umodzi.

Tikubwerera pakabokosi kuti tiitsate paipiyo pang'onopang'ono. Zodabwitsa, siikupita kupichesi. Ikukhotera kumanzere, kudutsa pansi pa chingwe choyanikira zovala, kulunjika kumpanda wa kumunsi. Ndani anaiuza zimenezi?

Cha m'ma 3 koloko piki yanga ikulira mosiyana. Ndaswa paipi. Madzi a masiku anayi akutuluka onse nthawi imodzi, otuwa, n'kudzaza ngalande yathu. A Kamanga akuyang'ana nsapato zawo. "Koma bola tadziwa pamene ili," ndikutero.

Lachisanu

Ndakatenga a Mbewe, mmisiri amene anamanga nyumbazi. Akalamba, akuyenda ndi ndodo, koma akukumbukira zonse. "Dzenje? Silinakumbidwe. Eni nyumba anati tidikire mvula ithe, kenako anagulitsa. Ine ndinangoitulutsa paipiyo kunja kwa mpanda."

Kunja kwa mpanda, potsetsereka, ndi dimba la a Nabanda, mayi wamasiye amene amatigulitsa ndiwo zamasamba. Nthochi zonenepa, nzimbe, mpiru wobiriwira pakati pa chilimwe. Zaka zonsezi ndimawatama kuti ali ndi dzanja labwino.

Ndikukwawa pansi pa nthochi. Nayi nsonga ya paipi. M'kamwa mwake muli chitsononkho chokulungidwa m'pulasitiki, chokhomeredwa bwino ndithu, ntchito ya munthu wodziwa.

A Nabanda sakubisa n'komwe. "Eya, ndimatseka ndikafesa nazale ya tomato, sopo amaotcha mbande. Masiku awiri basi, simumadziwa. Ulendo uno ndinapita kumaliro ku Lobi, ndinaiwala." Akudziwa tsiku limene a Nangozo amachapa mabulangete. Akudziwa tikakhala ndi alendo. Akuti chaka chimene ndinadwala chija anazindikira msanga, madzi a m'mawa atasiya kubwera.

Akuzula chitsononkho. Tonse tikuwerama kuyang'ana. Palibe ngakhale dontho. "Madzi anga mwawachita chiyani, aphunzitsi?"

Loweruka

Kukonza:
Chubu cha njinga, kumanga pothyokapo. Chikudontha.
Chubu chachiwiri pamwamba pa choyamba. Chikudontha mbali ina.
Botolo lodula mbali zonse ziwiri, nzeru ya a Kamanga. Lagwira mpaka a Nangozo atathira madzi otsukira mbale.

Pamsika paipi ya kukula kumeneku palibe, akuti mwina ku boma sabata ya mawa. Waya uja akadali m'kati, sitikudziwa pati.

Funso likundisowetsa mtendere: mpiru umene takhala tikudyawu, sopo wake amapita kuti? Mizu imasefa? Ndafunsa mayi a Lute pa chakudya chamasana. Akankhira mbale ya ndiwo kwa ine, adya ndi mchere.

Chabwino chimodzi: madzulo ndawaona akupita kwa a Nangozo ndi mbale ya nyemba yovindikira. Atuluka patapita ola, onse awiri akuseka. Nditayandikira asiya.

Lamulungu

Mphakati wakumana. Ngalande yadula bwalo pakati, ndiye ena akhala tsidya lino, ena tsidya ilo, wowerenga Mawu waima pathabwa. Pa mapemphero a onse, mayi wina wapempherera "mabanja amene akukumana ndi mayesero a madzi." Ameni wake anali wamphamvu.

Atatha, bambo aliyense wafika pangalande, manja kumbuyo, kupereka nzeru. Wina akuti tithiremo mankhwala a kostiki. Wina akuti nsungwi yaitali. Wina akuti kwawo anangosamuka.

Ndawerengera zimene ndapeza sabata ino: ndikudziwa kumene madzi amapita. Kungoti sakupitakonso.

Dzuwa likupendeka, a Nabanda akukwera chitunda ndi ndowa ziwiri zopanda kanthu. Imodzi akuika pakhomo pa a Kamanga, ina pathu. Tomato wawo wayamba kufota. Madzi otsukira mbale ndi osamba tizisunga m'menemo, m'mawa uliwonse tizitsitsa kudimba mpaka paipi itakonzedwa. "Osathira pa nazale, aphunzitsi. Kunthochi."

Ndikuyang'ana a Kamanga, a Kamanga akuyang'ana ine. Tagwirizana zosinthana masiku.

Mawa paipi ndine.